Mtengo wa mankhwala ukambidwe dokotala asanagwire cholembera

Wodwala amamva mtengo wa mankhwala ake mochedwa. Amaumvera pa windo la ku famase, kumbuyo kwake kuli mzere wa anthu, dokotala amene walemba kapepala ali kale ndi wodwala wina m'chipinda chake. Wogulitsa akagogoda pa kompyuta n'kunena kuti inshulansi yakana, kapena kuti ilipirako kagawo chabe, munthu amangotsala ndi zochita ziwiri: kusolola ndalama imene anaikira zina, kapena kunena kuti "ndibweranso" akudziwa bwino lomwe kuti sabweranso. Ine ndikuona kuti mavuto ambiri a anthu a inshulansi yoperewera amayambira pamenepa. Nkhani ya mtengo iyenera kukambidwa m'chipinda cha dokotala cholembera chisanakhudze pepala, chifukwa mankhwala amene munthu sangakwanitse kugula mwezi ndi mwezi sangamuchiritse, ngakhale mabuku atawatama chotani.

Kuperewera kwa inshulansi kumabwera m'njira zosiyanasiyana. Ina imati uyambe walipira wekha mpaka ufike pa ndalama yakutiyakuti, kenako ndiye ilowererepo. Ina imathandiza kuyambira tsiku loyamba koma ili ndi malire a pachaka, moti wodwala shuga kapena mphumu amangouzidwa kuti gawo lake latha chaka chili pakati. Inanso imalipira bedi la m'chipatala ndi opaleshoni, koma mapiritsi omwera kunyumba ilibe nawo ntchito. Pafupifupi zonse zili ndi mndandanda wa mankhwala amene zimavomera, ndipo amene sali pamndandandawo amakhala a thumba lako. Anthu ochuluka amalipira inshulansi zaka ndi zaka mndandanda umenewu osauonapo.

Amene amakalipa pa windo paja sandidetsa nkhawa kwambiri, popeza phokoso lake pena limamupezera thandizo. Amene ndimamudera nkhawa ndi wofatsa uja, amene amalandira botolo, n'kuthokoza, n'kukayamba masamu ake kunyumba. Piritsi lomwa kawiri pa tsiku amalisandutsa la kamodzi. La tsiku lililonse amamwa lero, mawa n'kudumpha. Pa jakisoni wa insulini amachotsako timizere tiwiri kuti kabotolo kafike kumapeto kwa mwezi. Akabwerera kuchipatala BP ili m'mwamba, dokotala amafunsa ngati akumwa mankhwala, iye n'kugwedeza mutu movomera, chifukwa kuulula kuti ndalama zikuchepa kumachititsa manyazi kuposa matendawo. Dokotala poona kuti mankhwala sakugwira amawonjezera mlingo, kapena amalemba ena atsopano, ndipo atsopanowo nthawi zambiri amakhala odula kuposa oyamba aja. Bilu imakula, masamu a kunyumba aja nawonso amakula, ndipo m'fayilo ya wodwalayo mumalembedwa kuti matenda ake ndi ovuta pamene chovuta ndi ndalama.

Pali mankhwala ena amene salola masamu otere ngakhale pang'ono. A mtima monga atenolol ndi propranolol ukawasiya mwadzidzidzi, mtima umatha kuyamba kuthamanga moopsa. Prednisolone amene munthu wamwa kwa milungu yambiri amafunika kumuchepetsa pang'onopang'ono, chifukwa thupi limakhala litaleka kupanga lokha zimene mankhwalawo akulipatsa. A khunyu ukadumpha, kugwa kumabwerera, mwina uli pafupi ndi moto kapena madzi. Ma ARV ndi mankhwala a TB ukamamwa modukizadukiza tizilombo timawazolowera, ndipo amene adzafunike pambuyo pake ndi odula kwambiri. Insulini ndiye sanyengereka n'komwe. Ku Minnesota, m'dziko la America, mnyamata wina wa zaka 26 anamwalira mu 2017 pasanathe mwezi chichokereni pa inshulansi ya mayi ake, zaka zake zitakwana pa malire amene lamulo limalola mwana kukhala pa inshulansi ya makolo. Anali pantchito, ndipo ankatalikitsa insulini wake podikira malipiro. Imfa yake ndi imene inachititsa kuti chigawocho chikhazikitse lamulo mu 2020 loti munthu amene insulini wamuthera athandizidwe mwadzidzidzi pa mtengo wochepa.

Madokotala ambiri sadziwa mtengo wa zimene akulemba, ndipo sindikuwaimba mlandu. Anaphunzira mphamvu ya mankhwala, mlingo wake ndi kuopsa kwake. Mtengo umasintha malinga ndi famase, kampani ya inshulansi ndi chaka, ndiye palibe angausunge m'mutu. Komanso amene amagogoda pakhomo la dokotala kudzamuonetsa zatsopano ndi otsatsa malonda a mankhwala odula. Metformin wa shuga, amene wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950, alibe womuyendera khomo ndi khomo chifukwa phindu lake pa piritsi limodzi ndi lochepa. N'chifukwa chake dzina limene limafika msanga pa cholembera nthawi zina limakhala lomwe lamveka posachedwa. Koma dokotala yemweyo ukamuuza zoona, kawirikawiri amakhala ndi njira ina. Pa matenda ofala monga BP, shuga, mafuta ochuluka m'magazi ndi zilonda za m'mimba, gulu lililonse la mankhwala lili ndi angapo ogwira ntchito mofanana, ena akale ndi otchipa, ena atsopano ndi odula.

"Adokotala, inshulansi yanga ndi yochepa. Amenewa ndimwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo alipo ena ogwira ntchito yomweyo otsikirako mtengo?" Mawu ake ndi omwewa, ndipo sadya ngakhale mphindi imodzi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Komabe sindikufuna kusenzetsa wodwala yekha katundu ameneyu, chifukwa munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi matenda osachizika mutu wake sukhala pa mitengo. Woyamba kufunsa akhale dokotala, ndipo kafunsidwe kake n'kofunika. "Mayi, mukumwa mankhwala?" limangobweretsa yankho loti inde. "Mayi, amene ndinakulemberani ulendo watha munakwanitsa kugula onse?" limatsegula pakamwa, chifukwa likuvomereza kale kuti kulephera kugula kumachitika ndipo si mlandu.

Tsono tengani bokosi la mankhwala amene muli nawo m'nyumba muliyang'ane bwino. Pamwamba pali dzina lalikulu, la zilembo zokongola, mwina la mitundu iwiri. Pansi pake pali kadzina kakang'ono kovuta kutchula, kotsatiridwa ndi nambala ya mamiligalamu. Dzina lalikululo ndi la malonda, kakang'onoko ndi ka mankhwala enieni. Lipitor ndi atorvastatin, Norvasc ndi amlodipine, Glucophage ndi metformin. Kampani imene yatulukira mankhwala imapatsidwa patenti ya zaka 20 kuchokera pa tsiku lolembetsa, ndipo m'nthawi imeneyo palibe wina wololedwa kupanga mankhwalawo. Patenti ikatha, makampani ena amayamba kupanga omwewo, amene amatchedwa generic, ndipo opanga akachuluka mtengo umagwa kwambiri. Patenti ya Lipitor ku America inatha mu November 2011, ndipo mankhwala amene anali olowetsa ndalama zambiri kuposa ena onse padziko lero ali m'gulu la otchipa. Ku America komweko, kumene lamulo la 1984 linafewetsa njira yovomerezera ma generic, pa mapepala 10 alionse a madokotala pafupifupi 9 amaperekedwa ma generic.

Ambiri amakayikabe kuti chotchipa chingafanane ndi chodula, ndipo m'zinthu zina kukayika kotere n'koyenera. Koma mabungwe oyang'anira mankhwala salola generic kulowa pamsika asanaonetse kuti ali ndi mankhwala omwewo, pa mlingo womwewo, ndiponso kuti amalowa m'magazi mofanana ndi oyambirira aja. Chimene chimasiyana ndi mtundu wa piritsi, kaumbidwe kake ndi ufa wogwirizitsa. Wopanga generic sanalipire kafukufuku wa zaka zambiri ndipo salipira otsatsa malonda, kutchipa kwake kumachokera pamenepo. Pali kagulu kochepa kofunika kusamala nako, kamene mlingo wochiritsa ndi mlingo wovulaza zili moyandikana kwambiri: warfarin woletsa magazi kuundana, levothyroxine wa chithokomiro, lithium, ndi ena a khunyu monga phenytoin ndi carbamazepine. Amenewanso generic wake ndi wabwino, kungoti si bwino kusinthasintha wopanga mwezi uliwonse, ndipo ukasintha dokotala adziwe kuti akuyeze magazi ngati pakufunika kutero.

Makampani nawo sagona patenti ikamayandikira kutha. Chitetezo cha omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, chitatsala pang'ono kutha cha m'ma 2001, kampani ya AstraZeneca inatulutsa esomeprazole pa dzina la Nexium. Omeprazole ndi msakanizo wa mitundu iwiri ya kanthu kamodzi, yoyang'anizana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo esomeprazole ndi mtundu umodzi mwa iwiriyo atauchotsa pawokha. Kwa odwala ambiri kusiyana kwake n'kochepa, koma patenti inali yatsopano ndipo mtengo unali watsopano. Njira ina ndi yophatikiza mankhwala awiri akale m'piritsi limodzi n'kulipatsa dzina. Duexis ndi ibuprofen ndi famotidine basi, onse awiri otchipa ukawagula payekhapayekha, koma ataphatikizidwa anagulitsidwa pa mtengo wowirikiza kambirimbiri. Humira, jakisoni wa nyamakazi ndi matenda ena otupitsa, kampani ya AbbVie inamutchinga ndi ma patenti oposa 100, moti ofanana naye anayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 2018 koma ku America anadikira mpaka 2023. Ndiye munthu akamva kuti "awa ndi atsopano", afunse kuti atsopanowo akuposa akale pa chiyani. Nthawi zina yankho limakhalapo ndipo ndi lomveka. Nthawi zina chatsopano ndi bokosi lokha.

Amene akufuna poyambira angayang'ane mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Unatuluka koyamba mu 1977 uli ndi mankhwala pafupifupi 200, ndipo umakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse. Ambiri mwa mankhwala a matenda ofala amene ali pamenepo ndi akale, odziwika bwino, ndiponso opangidwa ndi makampani ambiri.

Ku inshulansi nakonso kuli zitseko zimene anthu sagogoda. Mndandanda uja ndi ufulu wako kuuona, ndipo ndi bwino kupita nawo kwa dokotala, pa foni kapena papepala, kuti asankhe ali kuuona. Ngati mankhwala okhawo amene akukuyanja sali pamndandanda, makampani ambiri ali ndi njira yodandaulira, imene imafuna kalata ya dokotala yofotokoza kuti otchipa anayesedwa ndipo analephera kapena anakuvulaza. Njirayi ndi yotopetsa, ndipo ine ndimakayikira kuti kutopetsako n'kwangozi, popeza aliyense amene wagwa ulesi panjira ndi ndalama yopulumuka ku kampani. Koma kukana koyamba nthawi zambiri kumachokera ku kompyuta imene yangoona kuti dzina silili pamndandanda. Kalata ikafika ndi pamene munthu wamoyo amayamba kuiwerenga nkhaniyo.

Chodabwitsa china n'chakuti pena kulipira wekha kumatchipa kuposa kudzera pa kadi ya inshulansi. Zimachitika pa ma generic akale, pamene gawo limene inshulansi imati ulipire ndi lalikulu kuposa mtengo wonse wa mankhwalawo. Ku America zinafika poti mapangano ena ankaletsa wa ku famase kuuza wodwala zimenezi pokhapokha atafunsa yekha, mpaka mu October 2018 pamene malamulo awiri anathetsa chiletso chimenecho. Tangoganizani, panafunika lamulo la dziko kuti wogulitsa aloledwe kuuza wogula mtengo wotsika. Choncho pa windo paja funsani mitengo yonse iwiri, wa pa kadi ndi wa ndalama m'manja. Chenjezo lake n'lakuti ndalama imene walipira kunja kwa inshulansi mwina siwerengedwa pa gawo lija loyamba kulipira wekha, ndiye amene akudziwa kuti chaka chino awononga zambiri awerengere bwino. Mitengo imasiyananso famase ndi famase, ndipo mankhwala omwa moyo wonse amatsikirako ukatenga a miyezi itatu nthawi imodzi m'malo mwa mwezi umodzi.

Kudula mapiritsi ndi nkhani yofunika kuifotokoza bwino chifukwa imathandiza komanso imavulaza. Mankhwala ena piritsi la mamiligalamu 20 mtengo wake ndi wofanana kapena woyandikana ndi la mamiligalamu 10. Dokotala akavomera, amalemba lalikulu, iwe n'kumadula pakati, botolo limodzi n'kukhala la miyezi iwiri. Liyang'aneni piritsilo pa chikhatho. Ngati lili ndi kamzera kozama pakati, wopanga analikonza kuti lidulike. Ngati ndi kapisozi, kapena lili ndi chikutiro cholimba chonyezimira, kapena pambuyo pa dzina lake pali zilembo monga SR, XR, ER kapena EC, lisiyeni lilili. Ena mwa amenewa anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo ukawaswa mphamvu ya maola ambiri imatha kulowa m'magazi nthawi imodzi. Ena anakutidwa kuti adutse m'mimba osasungunuka. Kudula ndi mano kapena mpeni wa kukhitchini kumatulutsa zidutswa zosafanana, china chachikulu china ufa, ndiye pamafunika kachipangizo kodulira mapiritsi, ndipo adulidwe limodzi limodzi pamene akufunika, osati botolo lonse tsiku limodzi. Kwa munthu wa maso ofooka kapena manja onjenjemera njirayi si yake.

Palinso njira imene imaiwalika chifukwa palibe amene amapindula nayo kupatula wodwala. Kamodzi pachaka, sonkhanitsani mankhwala onse amene mukumwa m'jumbo imodzi, kuphatikizapo mavitamini ndi ogula popanda kapepala, mupite nawo kwa dokotala kapena kwa katswiri wa ku famase. Anthu achikulire makamaka amapezeka akumwabe mankhwala amene analembedwa kalekale pa vuto limene linatha, kapena mitundu iwiri ya chinthu chimodzi yolembedwa ndi madokotala awiri osadziwana, kapena piritsi loletsa vuto limene likubwera chifukwa cha piritsi lina. Lililonse limene dokotala wachotsa mwadongosolo ndi ndalama yotsala m'thumba mwezi uliwonse.

Pa intaneti ndi pamene ndimati anthu achenjere kwambiri. Alipo ma famase ovomerezeka ogulitsa pa intaneti, ndipo ena asonyeza poyera kukula kwa phindu limene limabisika m'mitengo. Cost Plus Drugs ya wamalonda wina dzina lake Mark Cuban, imene inatsegulidwa ku America mu January 2022, imaonetsa mtengo umene yagulira, n'kuikapo 15 pa 100 iliyonse ndi kandalama ka ntchito ndi kotumizira. Koma tsamba limene likugulitsa mankhwala ofuna kapepala ka dokotala osakufunsa kapepalako, lopanda adiresi yeniyeni, la mitengo yotsika mosamveka, ndi msampha. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi apakati, mankhwala amodzi mwa 10 alionse ndi achinyengo kapena osafika pa muyezo. Piritsi la ufa wachabechabe limaoneka ngati lenileni, ndipo wodwala BP sangadziwe kuti wakhala akumwa ufa mpaka tsiku limene wagwa.

Makuponi ndi mapologalamu othandiza odwala amene makampani opanga mankhwala amapereka ndimawaona ndi maso awiri. Amene mankhwala ake alibe generic, monga ena a khansa, awafunsire ndithu, chifukwa apulumutsa anthu. Koma kuponi ya mankhwala amene ali ndi m'bale wake wotchipa ntchito yake ndi kukuzoloweretsa dzina lodula. Imakuchotsera gawo lako kwa miyezi ingapo, inshulansi n'kumalipira mtengo wonse wokwera, ndipo mtengowo umabwerera kwa tonse kudzera mu ndalama ya inshulansi ya chaka chamawa. Kuponi ikatha umatsala ndi mankhwala amene wawazolowera koma sungawakwanitse.

Zonsezi n'zothandiza, komabe ndikanama ndikati munthu mmodzi ndi mafunso ake angagwetse mtengo wa mankhwala amene wopanga wake ndi mmodzi yekha. Pamenepo mtengo sutsatira ndalama yopangira piritsi. Umatsatira zimene wogula angakakamizike kulipira, ndipo mbiri yaonetsa zimenezi mobwerezabwereza. Cha m'ma 2000, ma ARV a munthu mmodzi pa chaka ankagulidwa madola oposa 10,000. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inauza bungwe la madokotala othandiza ovutika la Médecins Sans Frontières kuti ipereka mankhwala atatu ophatikiza pa madola 350 pachaka, osakwana dola imodzi patsiku. Mu April chaka chomwecho makampani 39 amene anasumira boma la South Africa ku khothi la ku Pretoria chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo anachotsa mlandu wawo, dziko lonse lapansi litawakwiyira. Mu November mayiko a bungwe la zamalonda la WTO anagwirizana ku Doha kuti malamulo a patenti asalepheretse boma kuteteza umoyo wa anthu ake. M'chaka chimodzi chokhacho mankhwala sanasinthe, mafakitale sanasinthe, koma mtengo umene unkanenedwa kuti sungatsike unatsika.

Sofosbuvir, amene amachiza matenda a chiwindi a hepatitis C, anatuluka ku America kumapeto kwa 2013 pa madola 84,000 pa milungu 12, kutanthauza madola 1,000 piritsi limodzi. Chaka chotsatira kampani yomweyo ya Gilead inagwirizana ndi boma la Egypt mtengo wa madola pafupifupi 900 pa chithandizo chonse. Kwinaku, mu 2015 kampani ya Turing, pansi pa Martin Shkreli, inagula ufulu wogulitsa Daraprim, mankhwala a m'zaka za m'ma 1950 amene patenti yake inatha kalekale, n'kukweza piritsi limodzi kuchoka pa madola 13.50 kufika pa 750. Panalibe kafukufuku watsopano woti abweze ndalama yake. Panangosowa wopikisana naye. Insulini ndiye nkhani yomvetsa chisoni kwambiri, chifukwa amene anamutulukira, Frederick Banting, Charles Best ndi James Collip, anagulitsa patenti yake ku yunivesite ya Toronto mu 1923 pa dola imodzi aliyense, pofuna kuti aliyense womufuna amupeze. Patapita zaka pafupifupi 100 anthu m'dziko lolemera kwambiri anali kufa pomutalikitsa. Lamulo la ku America la 2022 litaika malire a madola 35 pamwezi kwa okalamba a pa inshulansi ya boma ya Medicare, ndipo anthu atapitiriza kukuwa, mu March 2023 kampani ya Eli Lilly inalengeza kuti itsitsa mtengo wa insulini wake wogulidwa kwambiri ndi 70 pa 100 iliyonse. Novo Nordisk ndi Sanofi anatsatira mwezi womwewo. Kampani imene ingadule mtengo choncho n'kukhalabe pa bizinesi yatiuza yokha kukula kwa mpata umene unalipo.

Otsutsa ali ndi mfundo imene sindiipeputsa. Kutulukira mankhwala n'kodula ndipo n'kotchova juga. Mwa mankhwala 10 amene afika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 savomerezedwa, ndipo amodzi opambanawo ayenera kulipira ndalama yotayika pa enawo. Mukafinya mitengo mopitirira, ena adzaleka kufufuza, ndipo sofosbuvir yemwe ndamudandaula uja ndi mankhwala amene akuchiritsiratu matenda amene kale ankapha. Ndikuvomereza. Patenti ya zaka 20 ndi malipiro oyenera a amene watulukiradi chinthu. Chimene ndikukana ndi kugwiritsa ntchito mfundo imeneyi poteteza Daraprim, kapena ma patenti 100 pa jakisoni mmodzi, kapena mapiritsi awiri akale omatidwa pamodzi. Ndiponso kafukufuku woyambirira wambiri amachitikira m'mayunivesite ndi ndalama za misonkho, ndiye wodwala amakhala atalipirako kale mbali ina.

Mayiko amene mankhwala amatsika mtengo amachita chinthu chimodzi chofanana: amagula pamodzi, ndipo wogula m'malo mwa onse amakhala ndi mphamvu yokana. New Zealand inakhazikitsa bungwe la Pharmac mu 1993 kuti lizikambirana mitengo m'malo mwa dziko lonse, ndipo nthawi zambiri limapatsa msika kampani imodzi imene yapereka mtengo wotsikitsitsa. Zimenezi zili ndi zowawa zake. Anthu a kumeneko amadandaula kuti mankhwala atsopano, makamaka a khansa ndi a matenda osowa, amachedwa kufika, ndipo kwa amene akudikira dandaulolo ndi lenileni. America inayenda njira yosiyana, moti lamulo la 2003 linaletsa Medicare kukambirana mitengo ndi makampani, wogula wamkulu chotere n'kumangidwa manja pafupifupi zaka 20. Lamulo la 2022 lija ndi limene linamasula pang'ono: mankhwala 10 oyamba mitengo yake yokambirana inaikidwa kuti iyambe mu 2026, ndipo mu 2025 wokalamba wa pa Medicare sankalipira kuposa madola 2,000 pachaka kuchokera m'thumba mwake pa mankhwala a kapepala. Pakati pa kuchedwa kwa ku New Zealand ndi kutalikitsa insulini kwa ku Minnesota, ine ndingasankhe vuto loyambalo, chifukwa limakambidwa poyera ndipo boma lingakakamizidwe kuwonjezera bajeti, pamene lachiwiri limachitikira m'chipinda cha munthu yekha popanda woona.

Makampani a inshulansi nawo aganizirepo pa masamu awo. Kampani imene imakana kulipira mapiritsi a BP ndi yomweyo imene idzalipire bedi la munthu wakufa ziwalo ndi sitiroko. Mu 2011 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku amene anachitika ndi kampani ya inshulansi ya Aetna pa anthu amene anali atangodwala mtima. Ena anapatsidwa mankhwala awo a mtima osalipirako kalikonse, ena anapitiriza kulipira gawo lawo. Amene sankalipira anamwa mankhwala mokhulupirika kuposa anzawo, ndipo ndalama zonse zimene zinawonongedwa pa chithandizo chawo sizinakwere moonekera. Kusinthako kunali kochepa, ndipo ngakhale mankhwala anali aulere, ambiri sankamwabe monga mwa malangizo, zomwe zikusonyeza kuti pali zifukwa zinanso monga kuiwala, mantha ndi kutopa nawo mapiritsi. Koma ngati kuchotsa kandalama ka pa windo pa mankhwala otchipa a mtima, shuga, BP ndi mphumu sikuluzitsa kampani, palibe chifukwa chomveka chokasungira. Kangotsala kuti kazibweza anthu pa windo.

Ndipo popeza madokotala ambiri tsopano akulembera mankhwala pa kompyuta, palibe chovuta kuti mtengo umene wodwala uyu alipire, pa inshulansi yake, uzioneka pambali pa dzina la mankhwala pamodzi ndi ena ofanana nawo, dokotala asanadine batani. Zipatala zina zayamba kale kuchita zimenezi. Kumene sizinafike, foni imodzi yochokera m'chipinda cha dokotala kupita ku famase imagwira ntchito yomweyo, wodwala adakali pampando.